Magalasi a m'nyumba ija

Ganyu wa penti anandipezera ndi mlamu wanga ku Johannesburg. Anangoti pali nyumba yofunika kuimaliza msanga, eni ake akulowa Lamulungu. Nyumba yake yachilendo: mulibe windo, mulibe wotchi, koma magalasi khoma lililonse, mpaka kukhitchini.

Nthawi ya nkhomaliro anzanga anatuluka, ine n'kutsala ndekha. Mwana wa ku Ntcheu ukamusiya pamalo otakasuka, miyendo imayamba yokha. Burashi kudzanja lamanja, chivundikiro cha ndowa kumanzere, ndinaponda ingoma mpaka thukuta kamukamu. Nditatopa ndinayandikira galasi n'kuyamba kuzula tsitsi la m'mphuno. Kenako ndinakumbuka kuti madzulo ndiimbira foni kumudzi, ndiye ndinayamba kuyeserera, nkhope yachisoni ndithu: "Mayi a Chisomo, kuno zinthu zavuta, bwana sanatilipire." Ndinabwereza mpaka mawu anayamba kunjenjemera bwinobwino. Malipiro a sabata yonse anali m'sokosi.

Kudenga kunali kanthu kakuda kobulungira, kamene kankatembenuka ndikasuntha. Ndinkayesa ndi za alamu ya moto.

Mwadzidzidzi khoma linayankhula, m'Chichewa chomveka bwino: "Achimwene, tasunthirani kumanzere pang'ono, kamera iyo sikukugwirani bwino. Mubwerezenso paja pa bwana."

Burashi inagwera m'ndowa.

Inali nyumba ya pulogalamu ya pa TV, zija amatsekera anthu n'kumawajambula usana ndi usiku. Kuseri kwa magalasiwo kuli kanjira kamdima koyendamo ojambula; iwo amakuona, iwe umangodziona wekha. Makamera akudenga amawayendetsa ali khale m'chipinda china chodzaza masikirini, ena amaona ngakhale magetsi atazima. Tsikulo ankayesa zipangizo, ndipo ankasowa munthu woyendayenda. Ndinawathandiza ulere.

Mu 2003, chaka chimene Mmalawi mnzathu Zein Dudha analowa mu Big Brother Africa, aphungu a Nyumba ya Malamulo analetsa TVM kuonetsa pulogalamuyo, khoti n'kudzachotsa chiletsocho. Ine ndinali m'gulu lokuwa kuti atisiye tizionera. Tsiku limenelo ndikanapeza phungu ndikanamugulira Fanta.

Woyankhula uja anatuluka akupukuta misozi, anzake a ku South Africa ali pambuyo kutengera mavinidwe anga. Anandigwira chanza, n'kufunsa kwathu. Nditatchula mudzi anawomba m'manja.

"Ah, ndiye Mayi a Chisomo ndikuwadziwa! Amapemphera limodzi ndi achemwali anga."

Ndalama ndinatumiza madzulo omwewo, yonse, mpaka ya thiransipoti.