Uthenga wa abwana ukakusowetsani tulo

"Tionane mawa m'mawa." Uthenga wa abwana wathera pomwepo. Pofika usiku, m'mutu mwanu ntchito yatha kale, lendi yakanika, ana abwezedwa kusukulu. Nkhawa imatero: imadumpha zonse za pakati n'kukatera pa choipitsitsa, ndipo thupi limakhulupirira. Mahomoni a adrenaline ndi cortisol amachuluka, mtima umathamanga, manja amachita thukuta. Msampha uli apa: munthu amatenga kugunda kwa mtimako ngati umboni woti zinthu zaipadi.

Yambani ndi thupi. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6, kwa mphindi zitatu. Kutulutsako ndiye kumakhazika mtima pansi. Ambiri amalakwitsa pokoka mpweya wambiri mothamanga, chizungulire n'kubwera, mantha n'kuwonjezeka.

Mukatero tengani pepala, chifukwa ganizo losalembedwa limangozungulira. Njirayi ndi yochokera ku chithandizo cha maganizo chimene dokotala wa zamaganizo Aaron Beck anayambitsa m'zaka za m'ma 1960. Dulani mzere pakati. Kumanzere lembani zimene zachitikadi, zoti wina aliyense angazione: uthenga wa mawu atatu. Kumanja lembani zimene mukulosera, ndipo mupereke mlingo kuyambira 0 mpaka 100 wa mmene mukuzikhulupirira. Ndiyeno dzifunseni: abwanawa andiitanapo kangati, ndipo zinatha bwanji? Pali chenjezo lililonse lolembedwa? Lembani choipitsitsa, chabwino kwambiri, ndi chimene chimachitika kawirikawiri. Chachitatuchi muchilembe mwatsatanetsatane, poti n'chimene nkhawa imabisa. Pansi pa choipitsitsa lembani zinthu ziwiri zimene mungayambire chitachitikadi. Perekaninso mlingo uja. Sufika pa 0, ndipo sitikufuna zimenezo. Ukatsika kuchoka pa 90 kufika pa 50, tulo timabwera.

Nkhawa zobwerabwera muziikire nthawi yake: mphindi 15 tsiku lililonse, ola lomwelo, osati pabedi. Ikabwera masana, ilembeni, mubwerere ku ntchito.

Zimene zimabweza munthu m'mbuyo ndi zija zimaoneka ngati zikuthandiza. Kutsegula imelo pakati pa usiku, kufunsa anzanu kasanu ngati abwana akwiya, kuzengereza lipoti limene mukuliopa: zonsezi zimapepukitsa mtima kwa kanthawi, koma ubongo umaphunzira kuti ngozi inalipodi, ndipo mawa mantha amabwera okulirapo. Khofi wa madzulo nayenso, chifukwa pafupifupi theka la caffeine, chinthu cha mu khofi chimene chimathawitsa tulo, limakhala lidakali m'thupi patatha maola asanu.

Nthawi zina mbali ya kumanzere imadzazadi: anthu akuchotsedwa, kapena mukuzunzidwa. Pamenepo kupuma kokha sikukwanira. Werengani kontirakiti yanu, sungani mauthenga ndi madeti, lankhulani ndi a HR (ofesi yoona za antchito pakampani panu) kapena bungwe la ogwira ntchito. Ndipo ngati nkhawa yakhala masiku ambiri kwa miyezi, mukulephera kugona kapena kudya, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo. Mukayamba kuganiza zodzivulaza, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.