Lachitatu: masamba a mabulosi ndi machubu a buluu

Ndafika kulabotale zala zikumatamata. Ukathyola tsamba la mabulosi, pakamtengo kake pamatuluka timadzi toyera ngati mkaka, ndipo tikauma timakhala ngati ulimbo. M'masambawa ndikuyezamo kuchuluka kwa ma polyphenol, mankhwala achilengedwe amene zomera zimapanga. Mtengo womwe ndikugwiritsa ntchito ndi Morus alba, uja masamba ake amadyetsa mbozi za silika. Mawu akuti alba m'dzinalo amatanthauza kuti woyera, koma zipatso za mtengo wanguwu zikapsa zimada bii.

Ndinakathyola atsopano chifukwa Lolemba ndinalakwitsa. Theka la masamba ndinaumitsa bwinobwino mu uvuni pa madigiri 40, theka lina ndinaliiwala mujumbo pawindo mpaka kucha. Pomasula ndinapeza atatentherana, ali bulawuni ngati fodya. Ndinati nditaye, koma bambo amene amayang'anira zipangizo anandiletsa.

"Musataye, mwana wanga. Aumitseni, mudzawayeze pamodzi ndi enawo. Muona."

Lero ndaonadi. Ndinapera magulu onse awiri kukhala ufa, n'kuuviika mu methanol wosakaniza ndi madzi pang'ono, kenako n'kusefa. M'timachubu ndinathira mankhwala a Folin–Ciocalteu, achikasu, ndipo patapita mphindi zochepa ndinawonjezera sodium carbonate. Apa ndi pamene ndimapakonda. Umaika machubu mumdima, umadikira, ndipo powatulutsa madzi aja asanduka a buluu. Buluu akachuluka ndiye kuti ma polyphenol ngochulukanso. Makina amawerenga mtunduwo pa kuwala kwa 765 nm, ndipo timayerekeza ndi gallic acid, polyphenol amene timam'gwiritsa ntchito ngati muyezo. Njirayi ndi yakale: Otto Folin ndi Vintilă Ciocâlteu anaitulutsa mu 1927 poyeza za m'mapuloteni, ndipo mu 1965 Singleton ndi Rossi anaikonza kuti iziyezera vinyo.

Machubu a masamba oiwalika aja anali otuwa poyerekeza ndi anzawo, moti sipanafunikenso makina kuti munthu aone. Tsamba likaphwanyika n'kukhala pachinyezi ndi potentha, enzayimu (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'zamoyo) yotchedwa polyphenol oxidase imayamba kudya ma polyphenol omwewo, n'chifukwa chake limasintha mtundu. Mtengo umodzi, nthambi zomwezo, tsiku limodzi, koma zotsatira ziwiri. Choncho ndikaona paketi ya tiyi wa mabulosi italembedwa kuti "ali ndi ma polyphenol ambiri", ndimafuna kufunsa kuti masambawo anaumitsidwa bwanji.

Komanso buluu ameneyu si wom'khulupirira kwambiri. Mankhwala a Folin sasankha: vitamini C nayenso amawasandutsa a buluu, shuga wina chimodzimodzi. Nambala yomwe timalemba monyadira kuti "ma polyphenol onse" ili ndi alendo mkati.

Masana ndinayeza ma flavonoid, omwe ndi gulu limodzi la ma polyphenol, pogwiritsa ntchito aluminium chloride. Uku madzi amasanduka achikasu, ndipo n'zoyenera, poti dzina loti flavonoid linachokera ku mawu a Chilatini akuti flavus, otanthauza chikasu. M'masamba a mabulosi odziwika kwambiri ndi rutin, isoquercitrin ndi astragalin, onsewo ndi quercetin kapena kaempferol womangiriridwa ku shuga. Palinso chlorogenic acid, yemwe ndi polyphenol koma si flavonoid. Ma flavonoid onse ndi ma polyphenol, koma si ma polyphenol onse amene ali ma flavonoid, ndipo chaka chatha ndinaluza mamalikisi pamayeso chifukwa chosokoneza zimenezi. Mtengo supanga zinthuzi kuti zithandize ife ayi. Zimauteteza ku cheza cha dzuwa ndi ku tizilombo, n'chifukwa chake masamba a lero ndawagawa pawiri, a kunsonga owombedwa dzuwa ndi a mkati mumthunzi.

Ndikutsuka machubu, foni inalira. Anali azakhali.

"Iwe, ndamva ukuyeza masamba a mabulosi. Akuti amachiza shuga, n'zoona?"

"Ayi azakhali, kuchiza sachiza. Mankhwala anu musasiye."

Ndinavutika kuwafotokozera, m'manja muli thovu lokhalokha. Chimene chinatchukitsa masambawa pa nkhani ya shuga si flavonoid n'komwe. Ndi DNJ, dzina lonse 1-deoxynojirimycin, kanthu kofanana kwambiri ndi glucose m'kapangidwe kake. Kakafika m'matumbo kamatsekereza enzayimu ya alpha-glucosidase yomwe imaphwanya sitachi ndi shuga, motero shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono munthu akadya. Machubu anga a buluu ndi achikasu sakaona n'komwe kameneka. Ndinawauza kuti akafuna kumwa tiyi wake ayambe afunsa adokotala awo, chifukwa akaphatikiza ndi mapiritsi shuga akhoza kutsika mopitirira, ndipo ena amawadzaza mpweya m'mimba.

"Ndiye ukuyezeranji zosachizazo?" anatero, n'kuseka.

Masamba atsopano aja ali mu uvuni, ndipo ndabwerera kawiri kukatsimikiza kuti pawindo palibe jumbo.