Chigayo chathu ndi nkhani ya dizilo

Chigayo chathu chili m'mudzi wina chakumtunda kwa msika wa Limbuli m'boma la Mulanje, ndipo tinachiyamba ine ndi mlamu wanga ndi ndalama za nanazi pamodzi ndi ngongole ya ku banki m'khonde. Tinagula injini ya dizilo chifukwa mawaya a magetsi amphamvu zokwanira kuzungulitsa mota ya chigayo sanafike kwathu, ndipo mtengo wokokera mawayawo ndi kuika thiransifoma unaposa wa chigayo chenichenicho.

Kuyambira pamenepo bizinesi yathu imadalira zinthu zochitikira kutali kwambiri ndi phiri la Mulanje. Dziko lino lilibe zitsime za mafuta, choncho dizilo yense amalowa kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zikasowa, mizere imatalika m'malo omwetsera mafuta, ifenso timakakamizika kugula wa m'zigubu kwa mavenda pa mtengo umene bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA silinaulengeze. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinakweza mtengo wogayitsira, ndipo amayi ambiri amene ankakonoletsa chimanga kuti apeze ufa woyera anayamba kungogayitsa mgaiwa, ena n'kubwerera ku mtondo.

Alipo anthu amene amatiuza kuti eni zigayo ndife ouma mutu, popeza dzuwa ndi laulere. Mbali ina ya mlanduwu ndi yathudi, chifukwa utsi wa injini timaupuma tokha pamodzi ndi makasitomala athu. Komabe amene amanena zimenezi sanawerengerepo mtengo wake. Dizilo timamulipira pang'onopang'ono kuchokera pa ndalama zimene tapeza tsikulo, pamene mapanelo a sola, mabatire ndi mota yatsopano zimafuna ndalama zonse nthawi imodzi, ndiponso zimachokera kunja ngati dizilo yemweyo. Obwereketsa ndalama amafuna chikole chimene ife tilibe, ndipo amafuna kuti ngongole ibwezedwe ndi chiwongoladzanja chokwera zipangizozo zisanabweze n'komwe mtengo wake. Kuwonjezera apo, kuno kumagwa chiperoni, ndipo mitambo imaphimba dzuwa masiku otsatizana m'miyezi ya Juni ndi Julayi, nthawi imene anthu angokolola kumene ndipo matumba adzaza pakhomo pa chigayo.

Magetsi a dziko lonse nawonso ali ndi zofooka zake. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo eni zigayo zamagetsi ankakhala osagwira ntchito maola ambiri, ife a dizilo n'kumalandira makasitomala awo.

Chimene chimandipatsa chidwi ndi madzi a m'phiri muno. Ku Bondo, bungwe la MEGA limapanga magetsi kuchokera mu mtsinje wa Lichenya n'kumagulitsa kwa anthu a m'midzi yozungulira, zomwe zikusonyeza kuti njira ina ilipo ngati wina walipiriratu ndalama zoyambira. Kwathu mawaya amenewo sanafike. Pakadali pano taika sola yaing'ono younikira ndi kutchajira mafoni a makasitomala, ndipo ndalama za madeya tikuzisunga padera kuti tidzagule mota yamagetsi.