Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Masiku 23 amene ndinajomba kuntchito

Ndabweranso. Mwakhala mukundifunsa kuti nkhani ya ku ofesi ija, ya mmene matenda a maganizo anandisokonezera pa ntchito, inatha bwanji, ndipo wina wandilembera katatu konse kuti ndisamusiye m'malere. Zikomo nonse amene munayankha pa gawo lapita lija, makamaka inu mayi amene munati mwana wanu wamkazi amachita ngati ine ndipo zaka zonsezi munkangoti ndi mwano. Mawu anu ndinawawerenga kawiri, kenako ndinaika foni pansi n'kulira.

Mukukumbukira kuti ntchito ija ndinaipeza nditakhala nthawi yaitali pakhomo pa achemwali. Miyezi 6 yoyambirira ndinali mwana wapamtima wa abwana. Ndinkafika aliyense asanafike, n'kuweruka kunja kutada. Lipoti la masamba anayi ndinkaliwerenga kakhumi ndisanalitumize, ndipo ndikatumiza ndinkalitsegulanso kuti ndione ngati sindinaphonye penapake. Pamsonkhano abwana ankati, "Tengerani chitsanzo kwa mnzanuyu." Iwo ankaona khama. Chimene chinkandiyendetsa ine anali mantha, ndipo usiku ndinkagona maola atatu kapena anayi basi.

Abwana amenewa ndi aja ndinawatchula kuti mayi anga achiwiri m'gawo 6. Ndinkawakonda mopitirira muyeso. Akandimwetulira m'mawa, tsiku lonse linkayenda bwino. Akadutsa pa desiki panga osandiyang'ana, ndinkayamba kufufuza m'mutu chimene ndalakwa.

Tsono linafika Lachiwiri lina. Cha m'ma 9 koloko imelo inalowa. Inali ya mizere iwiri: "Lipoti lija lili ndi zolakwika. Tionane 2 koloko." Munalibe moni, munalibe dzina langa, ngakhale zikomo amene ankalemba masiku onse kumapeto. Ndinaiwerenga mpaka zilembo zinayamba kuvina. Manja anazizira, m'makutu munayamba kulira, mtima unkagunda ngati ndathamanga mtunda wautali pamene ndinali chikhalire pampando. Ndinanyamuka kupita kuchimbudzi, ndinadzitsekera, n'kukhala pa chivindikiro mphindi 40, ndikuwerenga matailosi a pakhoma kuti ndisakuwe.

Kuchokera 9 koloko kufika 2 koloko ndi maola asanu. M'maola amenewo, m'mutu mwanga ndinachotsedwa ntchito, ndinalephera lendi, ndinabwerera kwa achemwali ndi chikwama changa chakale chija, ndinamva alamu akunong'ona kuti tinanena ife. Ndipo mayi anga achiwiri aja anasanduka munthu wachinyengo amene ankandinyengerera kuti adzandigwetse. Zonse zabwino zimene anandichitira zinafufutika, ngati sizinachitikepo.

Nthawi itakwana ndinalowa. Anandilandira akumwetulira, n'kundionetsa manambala awiri amene ndinawasinthanitsa pa tebulo la patsamba lachitatu. Basi, nkhani yonse inali imeneyo. Ya mphindi ziwiri. Koma ine moto unali utayaka kale. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti, "Ngati simukundifunanso pano, bwana, mungonena." Anadabwa. Anati, "Mwana wanga, zikuchokera kuti zimenezi?" Mawu akuti mwana wanga aja ndi amene anandimaliza. Ndinalankhula zambiri, zina sindingazilembe pano, chitseko chili chotsegula, anthu onse akumva. Nkhope yawo ndimaionabe mpaka lero: sanakwiye, anangotsitsa magalasi n'kuwaika pa desiki pang'onopang'ono.

Mawa lake sindinapite. Ndinavala, ndinafika pakhomo, dzanja lili pa chogwirira, koma manyazi anandikanikiza ngati mwala. Ndinatumiza uthenga kuti ndadzuka ndi mutu waching'alang'ala. Lachinayi ndinati m'mimba. Lachisanu sindinatumize kalikonse.

Apa ndi pamene anthu ambiri samvetsa. Tsiku loyamba umajomba chifukwa cha zimene zachitika. Tsiku lachiwiri umajomba chifukwa unajomba dzulo. Ukamachedwa kubwerera, ntchito ikuunjikana, maimelo akuchuluka, mafunso amene adzakufunse akuchulukanso, ndipo khomo la ofesi limakulirakulira m'maganizo mwako. Sabata isanathe, mdima uja unabwera, umene madokotala amautcha matenda okhumudwa. Sindinkasamba. Foni ndinaiika chafufumimba pansi pa pilo. Ndinkagona maola 14 n'kudzuka wotopa kuposa mmene ndinagonera. Achemwali atabwera kudzandiona anatsegula makatani n'kunena kuti, "Iwe, dzuka, ntchito siikudikira." Ndinkadziwa. Kudziwako n'kumene kunkandipweteka kwambiri.

Ndinabwerera patatha sabata ziwiri, koma thupi lokha. Ndinkakhala pa kompyuta ndi fayilo yotsegula, kuwerenga ndime imodzi kasanu osamva kanthu. Ntchito ya ola limodzi inkanditengera tsiku lonse. Foni ya pa desiki ikalira ndinkaisiya ilire. Patatha miyezi inayi a HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, anandipatsa kalata yochenjeza, ndipo m'menemo munali nambala: masiku 23. Anawawerenga bwinobwino, sindikutsutsa. Koma masiku amene ndinakhala pampando osagwira kanthu anali ochuluka kuposa amenewo, ndipo palibe buku limene anawalembamo. Ofufuza amati presenteeism, kupezeka pa ntchito koma osatha kuigwira chifukwa ukudwala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization linanena mu 2022 kuti chaka chilichonse masiku ogwira ntchito okwana 12 biliyoni amatayika padziko lonse chifukwa cha matenda okhumudwa ndi nkhawa. Nditaona nambala imeneyo ndinaseka ndekha, kuti 23 anga aja ali momwemo.

Ndiime kaye ndiyankhe bambo amene munalemba kuti, "Ndi ulesi basi, ifenso timadwala koma timapita kuntchito." Bambo, munthu waulesi amasangalala akapanda kupita kuntchito. Ine ndinkagona pansi m'bafa ndikudziuza kuti sindiyenera kukhala ndi moyo. Sindikukufunirani zoipa, ndikungopempha kuti musadzanene mawu amenewo kwa mwana wanu. Ndipo kwa mnzanga wa desiki yoyandikana uja, amene ndikudziwa kuti amawerenga zolemba zangazi mwakachetechete: ndinamva kuti ndiwe unkauza anthu kuti asandipatse ntchito zofunika chifukwa mutu wanga suyenda bwino. Ndiwe wekha amene ndinakuululira. Sindinaiwale.

Ena mwafunsa kuti bwanji sindinawauze abwana zoona. Ndikanawauza chiyani? Ine mwini sindinkadziwa dzina la chimene chinkandidya. Dokotala woyamba anandipatsa mapepala awiri a mafunso, PHQ-9 ya kukhumudwa ndi GAD-7 ya nkhawa, ndipo pa onse awiri ndinapeza mamalikisi okwera. Anandipatsa mankhwala n'kundichenjeza kuti amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira. Anandithandizadi kudzuka m'mawa. Koma chimphepo chija, chimene chinkabwera munthu akangondiyankha mwachidule, sanachikhudze n'komwe. Ndinalemba kalata yosiya ntchito ndisanachotsedwe, chifukwa kuchoka ndekha kunkaoneka kopepuka kusiyana ndi kudikira kuti andikane.

Zaka zitatu zinadutsa, ntchito zitatu, zonse zinatha chimodzimodzi.

Dzina lenileni ndinalimva kwa dokotala wa matenda a maganizo amene anandifunsa funso limene wina aliyense sanafunsepo: osati ndimajomba masiku angati, koma chimachitika n'chiyani tsiku loti mawa lake ndijomba. Ndinakhala chete. Nthawi zonse panali munthu. Wina sanandiyankhe, wina anandidzudzula, wina anapita kokapuma ndi anzake osandiitana. Anandiwerengera zizindikiro 9 za borderline personality disorder, BPD mwachidule, matenda a maganizo amene amachititsa kuti mtima wa munthu ndi maubwenzi ake zisakhazikike, n'kunena kuti zikapezeka 5 ndiye kuti ndi yomweyo. Kuopa kusiyidwa, kukweza munthu kumwamba lero mawa n'kumugwetsa pansi, mkwiyo wosaugwira, kudzimva wopanda kanthu m'kati. Ine zinandikwana 7. Matendawa analowa m'buku la madokotala a maganizo la ku America mu 1980, ndipo kawirikawiri amayenda limodzi ndi kukhumudwa ndi nkhawa, n'chifukwa chake ambiri timathandizidwa ziwiri zooneka zija, muzu uli pansi.

Anandiuza mosabisa kuti piritsi lopangidwira BPD palibe. Chimene chimathandiza ndi chithandizo chokambirana, ndipo ine ndinalowa cha DBT, chophunzitsa munthu luso lougwira mtima zinthu zikavuta, chimene anachiyambitsa Marsha Linehan wa ku University of Washington. Mayi ameneyu anaulula mu 2011 kuti nayenso anagonekedwapo m'chipatala cha matenda a maganizo ali ndi zaka 17. Zimenezo zinandilimbitsa mtima kuposa zonse zimene anandiphunzitsa. Dokotala anandiuzanso za kafukufuku wa ku America amene anatsatira odwala kwa zaka 10: anthu 85 pa 100 alionse zizindikiro zinawachepera mpaka kusakwananso pa muyeso wa matendawa, koma pa nkhani ya ntchito ambiri anatsalirabe m'mbuyo. Ndikuvomereza. Mkwiyo unazirala msanga, koma CV yanga ili ndi mabowo amene ndimavutika kuwafotokoza pa intaviyu iliyonse, ndipo amene tinayamba nawo ntchito pano ndi mabwana.

Mwezi watha abwana anga atsopano ananditumizira uthenga wa liwu limodzi: "Tionane." Manja anazizira ngati kale lija. Ndinapita kubafa, ndinadzaza sinki ndi madzi ozizira, ndinamiza nkhope nditagwira mpweya, monga anatiphunzitsira ku DBT kuti mtima utsike. Ndinapukuta kumaso, ndinabwerera pampando, n'kulemba kuti, "Chabwino bwana. Kodi ndi nkhani yanji kuti ndikonzekere?" Zala zinkanjenjemera moti ndinalemba katatu. Anayankha kuti akufuna tigwirizane masiku a tchuthi changa. Chaka chino ndajomba masiku anayi, ndipo awiri mwa iwo chinali chimfine chenicheni.

Za tsiku limene ndinakumana mwadzidzidzi ndi abwana akale aja, ndi zimene anandiuza atandigwira dzanja, ndidzakamba m'gawo 10. Ndayesa kulilemba kawiri, koma sindinafike pakati.