Rochester ndi Trumansburg: kwawo kwa kamera ya ku mwezi ndi choimbira cha Moog

Ambiri akamva dzina loti New York amaganiza za nyumba zosanja za ku Manhattan, koma dera la New York ndi lalikulu kwambiri. Chakumadzulo kwake kuli minda ya mphesa, makola a ng'ombe zamkaka ndi nyanja zazitali zowonda zotchedwa Finger Lakes. Mphwanga amaphunzira ku Ithaca, ndiye nditapita kukamuona tinabwereka galimoto kuti tikaone malo awiri amene ndinkawamva kalekale. Iye ankafuna mathithi basi, koma achimwene akanena, wamng'ono amangogwira chiwongolero.

Tinayambira ku Rochester, kwawo kwa kampani ya Kodak. Nyumba ya George Eastman, amene anayambitsa kampaniyi, ili pa East Avenue ndipo kuyambira 1949 ndi malo osungirako mbiri ya zithunzi ndi mafilimu. Mkuluyu anali ndi chuma chosayamba. M'chipinda china muli limba wamkulu wa mapaipi amene ankamuimbira iye akudya chakudya cham'mawa, ndipo pakhoma pali chifanizo cha mutu wa njovu, chikumbutso cha maulendo ake okasaka nyama kuno ku Africa. Zimenezo ndinangodutsapo. Ine ndinadzera kamera ya Lunar Orbiter, imene a Kodak anapangira zombo zojambula mwezi za dzina lomwelo.

Siyokongola ayi. Ndi chigoba chachitsulo chobulungira, m'kati mwake muli magalasi awiri, lina la mamilimita 610 lojambulira pafupi, lina la mamilimita 80 lotenga dera lalikulu. Imeneyi sinapiteko ku mwezi, chifukwa zonse zimene zinapita sizinabwerere. Pakati pa August 1966 ndi August 1967, bungwe la NASA linatumiza zombo zisanu zopangidwa ndi Boeing kuti zizungulire mwezi n'kuujambula. Funso linali losavuta kulimva: kodi anthu a Apollo, pulogalamu yotumiza anthu ku mwezi, akatera pati posachita ngozi? Zombo zitatu zoyamba zinafufuza malo osalala oti n'kuterapo, ziwiri zomaliza zinazungulira modutsa kumpoto ndi kummwera kwa mwezi kuti zijambule paliponse. Pomaliza zinali zitajambula magawo 99 pa 100 alionse a mwezi, kuphatikizapo mbali ija sitiiona tili pansi pano.

Chimene chinandiimitsa nthawi yaitali ndi mmene zithunzizo zinkafikira kuno. Kumbukirani kuti kunalibe makamera ngati a m'mafoni athuwa. Chombo chinkanyamula filimu yeniyeni ya mamilimita 70. Kamera ikajambula, filimuyo inkakanikizidwa pa lamba wonyowa ndi mankhwala, njira imene a Kodak ankaitcha Bimat, n'kutsukika momwemo, kenaka n'kuumitsidwa. Ndiye kuti m'chigoba chimene chija munali wojambula, wotsuka zithunzi ndi wotumiza, zonse zikuchitika popanda dzanja la munthu. Kadontho ka kuwala kankayenda pa filimuyo pang'onopang'ono, poyera ndi pakuda n'kusanduka mphamvu ya magetsi yokwera ndi yotsika, imene inkatumizidwa pa wailesi ku masiteshoni a ku Goldstone ku America, Madrid ku Spain ndi Woomera ku Australia. Pansi pano chithunzi chinkatuluka m'timalamba towonda toti tilumikizidwe. N'chifukwa chake zithunzi za Lunar Orbiter zili ndi mizere yoonekeratu, ngati munda wongolimidwa kumene. Ine mizere imeneyo ndimaikonda kuposa zithunzi zosalala za masiku ano, chifukwa imakuuza njira imene chithunzicho chinayenda.

Pa 23 August 1966 chombo choyamba chinatembenuka n'kujambula dziko lathu likuonekera kuseri kwa mwezi, koyamba m'mbiri. Mu November chaka chomwecho chachiwiri chinajambula chidzenje cha Copernicus chammbali, mapiri ake akuoneka ngati munthu waima pomwepo. Ntchito ikatha, zombozo ankazigwetsera dala pa mwezi kuti zisadzasokoneze zombo zobwera pambuyo, kupatula chachinayi chimene chinagwa chokha.

Kuchoka ku Rochester kupita ku Trumansburg ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka kapena kupitirira pang'ono, kudutsa m'matauni ang'onoang'ono ndi m'mphepete mwa nyanja. Trumansburg ndi mudzi chabe: msewu waukulu umodzi, matchalitchi, malo omwera khofi. Mukapanda kudziwa mukhoza kudutsa osaima. Koma mu msewu umenewo, Main Street, ndi mmene Robert Moog anali ndi kafakitale kake kuyambira 1963 mpaka 1971, pa nthawi yomweyo imene a Kodak ku Rochester ankasonkhanitsa kamera ija. Ankachita maphunziro ake apamwamba pa yunivesite ya Cornell ku Ithaca, ndipo ankapeza ndalama pogulitsa zida zopangira theremin, choimbira chija amachiimba osachikhudza. Mu 1964, atagwira ntchito ndi wopeka nyimbo Herb Deutsch, anaonetsa synthesizer yake yoyamba, choimbira chopanga mawu ndi magetsi, pa msonkhano wa akatswiri a zamawu ku New York.

Apa ndi pamene malo awiriwa anagwirana m'mutu mwanga. Ku Rochester ankasandutsa kuwala kukhala mphamvu ya magetsi. Kuno ankasandutsa mphamvu ya magetsi kukhala kulira kwa nyimbo. Ukadina kiyibodi, magetsi akakwera liwu limakweranso, bokosi lina likupanga liwulo, lina likulisefa kuti linenepe kapena liwonde, onse olumikizidwa ndi zingwe zimene woimba amalowetsa yekha. Chidacho chinkatulutsa liwu limodzi pa nthawi imodzi, ndipo chikatentha chinkasochera. Woimba Wendy Carlos pojambula ndi chidachi chimbale cha Switched-On Bach, chimene chinatuluka mu 1968 n'kupata mphoto zitatu za Grammy, ankajambula kachigawo kamodzikamodzi pa tepi n'kumasanja. Nayonso inali ntchito ya timalamba tolumikiza. Mu 1969 Gershon Kingsley anapeka Popcorn pa Moog, ndipo gulu la Hot Butter litaibwereza mu 1972 inamveka pa mawailesi a dziko lonse, yopanda liwu la munthu ngakhale limodzi. Minimoog, yaing'ono yoti n'kuinyamula popita kukaimba, inatuluka mu 1970 kuchokera m'mudzi womwewu, ndipo kulira kwake konenepa kuja kunalowa mu funk, disco ndi nyimbo zovina zimene zinabwera pambuyo.

Musapite kumeneko mukuyembekeza chionetsero. Mumsewumo muli mabizinesi ena tsopano, ndipo tinangoima panja n'kumayang'ana njerwa, mphwanga akundiseka kuti ndawononga mafuta. Zolemba ndi mapepala a Moog akusungidwa ku laibulale ya Cornell, ndipo wofuna kugwira zida zenizeni apite ku Moogseum mu mzinda wa Asheville ku North Carolina, kumene mkuluyu anamwalirira mu 2005. Komabe kuona kuchepa kwa malowo kunandipindulira kuposa chikwangwani chilichonse.

Mathithi ake mphwanga anawapeza. Taughannock ali pafupi pomwepo, madzi akugwa mamita 66, kutalika kuposa Niagara ngakhale ndi owonda. Njira yoyenda pansi yopita kutsinde kwake ndi yosalala, koma valani nsapato zotseka ndipo tengani juzi, chifukwa m'chigwamo mumazizira ngakhale kunja kuli dzuwa.