Nthenga zapakati pa mchira wa nkhukundembo

Sabata yachitatu ya phunziro la kasamalidwe ka nyama zakutchire, aphunzitsi anayala pa tebulo michira isanu ndi umodzi ya nkhukundembo zakutchire, yotambasuka ngati malichero odula pakati. Anati tisiyanitse ya atambala okhwima ndi ya atambala a chaka chimodzi. Anzanga obadwira kuno ku Mississippi, m'dziko la America, anamaliza nthawi yomweyo. Ine ndinayang'ana kukula kwa mchira basi, ndipo ndinaphonya iwiri.

Aphunzitsi anandigwiritsa mchira umodzi n'kunena kuti ndiyendetse chala m'mphepete mwake. Chala chinakwera pakati. Nthenga zingapo zapakati zinali zazitali kuposa zam'mbali. Tambala wamng'ono, amene kuno amati jake, amayamba kusintha nthenga za kumchira kuchokera pakati, ndiye pofika nyengo yosaka zapakati zimakhala zachikulire kale pamene zam'mbali zikadali zaubwana. Wokhwima, amene amati tom kapena gobbler, mchira wake umazungulira mosalala. Palinso ndevu, mtolo wa tinthenga touma ngati tsitsi umene umalendewera pachifuwa: za jake n'zazifupi, kawirikawiri sizifika masentimita 15. Ndiye chikhadabo chakumbuyo kwa mwendo, chimene atambala athu akumudzi amamenyera nkhondo, pa jake chimangokhala kachiphuphu.

Funso la m'kalasi linali lakuti: mlenje wa uta alase jake kapena amusiye? Ine yankho ndinali nalo kale m'mutu. Kupha chinthu chisanakule n'kuwononga mbewu, ndipo ndinalemba zimenezo pa pepala langa loyamba mosakayika. Pepalalo linabwerera ndi funso limodzi m'mbali mwake: "Mbewu ili kwa ndani?"

Funso limenelo linandibwezera kwathu, pakhomo pa agogo. Mlendo akabwera, agogo ankaloza katambala, osati msoti kapena thadzi. Tambala mmodzi amakwanira khola lonse. Ndinazidziwa kuyambira ndili mwana, koma sindinaganizepo kuti ndi mfundo yomweyo imene akatswiri amagwiritsa ntchito kutchire. Tom mmodzi amakwera zazikazi zambiri, ndipo atambala amakhala ndi ndondomeko yawo ya ukulu, moti wamphamvu ndiye amakwera kwambiri. Jake nthawi zambiri amangoonerera cha patali. N'chifukwa chake nyengo yosaka ya m'miyezi ya Marichi, Epulo ndi Meyi imalunjika pa zazimuna. Chiwerengero cha mbalamezi chimakwera kapena kutsika potengera zimene zikuchitikira thadzi: mazira ake 10 kapena 12 amene amaikira pansi m'thengo, masiku 28 ofungatira pamene chilombo chilichonse chingamupeze, ndi masabata awiri oyamba pamene anapiye sanayambe kuuluka kukagona mumtengo. Udzu wobisalamo ukasowa, tizilombo timene anapiye amadya tikachepa, kusiya jake sikungakonze kanthu.

Nanga bwanji boma la Mississippi linaletsa akuluakulu kupha jake kuyambira 1998, ndipo boma loyandikana nalo la Arkansas linatsatira mu 2011? Apa ndi pamene ndinakhala masiku angapo ndikusinkhasinkha. Lamulolo cholinga chake chachikulu si kupulumutsa mtundu wa mbalame. Likufuna kuti jake wa chaka chino adzakhale tom wa zaka ziwiri chaka chamawa, wolira mokweza m'bandakucha, amene alenje amafuna kumva. Ndi lamulo lokonza misinkhu ya atambala m'tchire. Ana aang'ono amene akuphunzira ulenje amaloledwa kupha jake, ndipo zimenezo zokha zikusonyeza kuti amene analemba lamulo sanaone kupha jake ngati tchimo. M'madera ambiri a America jake ndi wololedwa kwa aliyense.

Za ulenje wa uta ndinaziona ndi maso m'mwezi wa Epulo. Bambo ake a mnzanga wa m'kalasi anandilola kukhala nawo m'kahema kobisalamo, ine wopanda chida, kope lokha m'thumba. Tinalowa kukadali mdima. Iwo anaika zidole ziwiri za nkhukundembo pafupi kwambiri, mwina mapazi khumi ndi asanu kuchokera pa kahemako, chimodzi chachikazi, china cha jake. Ndinanong'ona kuti, "Bambo, cha jake n'chachiyani?" Anati tom akaona kamnyamata pafupi ndi thadzi amapsa mtima n'kubwera kudzamenya. Kenako anayamba kukhula kabokosi kamatabwa kamene kamalira ngati thadzi.

Dzuwa litangotuluka kunabwera atambala aang'ono atatu, akuyenda mothithikana, makosi m'mwamba. Mmodzi anatambasula mchira, ndipo ndinaziona nthenga zapakati zija zitatumphuka, monga pa tebulo paja. Mtima unagunda. Anali pafupi moti ndinkamva mapiko akukhula pansi. Bambo aja sanagwire n'komwe chingwe cha uta. Anangoyang'ana mpaka mbalamezo zinatopa ndi chidole n'kulowera kumunsi kwa dambo. Tom sanabwere tsiku limenelo.

Pobwerera anandifotokozera chimene chimavuta pa uta. Nkhukundembo imaona pafupifupi mbali zonse popanda kutembenuka kwambiri, ndiye kukoka chingwe poyera n'kuithamangitsa. Thupi lake limaoneka lalikulu chifukwa cha nthenga, makamaka ikadzitukumula, koma malo amene muvi uyenera kulowa kuti ife msanga ndi ochepa ngati nkhonya ziwiri. Ukalasa pachifuwa penipeni pa mnofu, mbalame imathawa ndi bala n'kukafera kutali, osapezeka. Iwo anati zimenezo ndizo zimawasowetsa tulo, kuposa za msinkhu wa tambala. Anawonjezera kuti mbalame yawo yoyamba, kalekale ali mnyamata, inali jake, ndipo sachita nayo manyazi.

Mawu amenewo anandithandiza kumvetsa mkangano umene ndimaumva pakati pa anzanga. Ena amati mlenje wa uta wavutikira kale mokwanira, ndiye kumene lamulo likulola, jake ndi nyama yabwino ya pa mbale, yofewanso. Ena amanyoza aliyense wobwera ndi ndevu zazifupi. Onyozawa sindigwirizana nawo, chifukwa akusandutsa kunyadira ndevu kukhala ngati chifundo pa chilengedwe. Koma oyambawo nawonso sindingawavomere paliponse. Kum'mwera chakum'mawa kwa America mbalamezi zakhala zikuchepa m'zaka zaposachedwa, ndipo kumene chaka chapita anapiye anafa ambiri, ma jake amakhala ochepa. Ukawatha, chaka chotsatira tchire limakhala chete.

Mbalamezi zinatsala pang'ono kutheratu cha m'ma 1930 chifukwa cha kudula nkhalango ndi kusaka kopanda malire. Zinabwerera pamene akatswiri anayamba kuzigwira ndi maukonde oponyedwa ndi mizinga cha m'ma 1950 n'kumazisamutsira kumene zinatha. Ndalama zambiri zinachokera ku msonkho wa mfuti ndi zipolopolo wa lamulo la Pittman-Robertson la 1937, limene mu 1972 linaphatikizanso mauta ndi mivi. Kotero muvi umene bambo aja sanaponye unali utalipira kale gawo lake posamalira tchire.

Pepala langa lachiwiri ndinalilemba mosiyana. Ndinati kumene mbalame zachuluka ndipo lamulo likulola, wophunzira uta alase jake ngati waima pabwino, pafupi, ndipo akudziwa polasa. Kumene zachepa, amusiye, koma asaganize kuti wamaliza udindo wake, chifukwa ntchito yaikulu ili pa udzu wa zisa ndi malo amene anapiye amapezako chakudya. Gawo lachiwirilo ndi limene ndasankha kufufuza teremu ikubwerayi. Mwezi wa Julayi ndidzakhala m'gulu lowerenga anapiye amene akutsatira thadzi lililonse m'mphepete mwa misewu ya m'nkhalango, ndipo ndayamba kale kuphunzira kusiyanitsa mwanapiye wa masabata awiri ndi wa masabata anayi.