Sabata yomwe madzi anabwera ofiira

Pa chipatala chathu cha mano ku Limbe, ntchito ya Lolemba imayamba ndi kutaya madzi. Ndisanaitane wodwala woyamba, ndimatsegula kachipangizo koboolera dzino ndi kothirira madzi m'kamwa, madzi n'kumathira m'sinki kwa mphindi zingapo. Amenewa ndi madzi omwe agona m'timapaipi ta mpando wa odwala kuyambira Loweruka.

Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa mu Shire ku Walker's Ferry ndipo amathiridwa mankhwala asanatifike. Vuto limayambira mumpando momwemo. Timapaipi take n'tating'ono kwambiri, madzi amayendamo pang'onopang'ono, usiku wonse n'kungokhala. Aliyense amene anasiyapo mtsuko osatsuka akudziwa zoterera zomwe zimamera m'kati mwake. M'timapaipi timeneti mumameranso zomwezo, ndipo majeremusi amabisala mmenemo. Kutaya madzi kumangowachepetsa, zotererazo zimachoka ndi mankhwala otsukira mapaipi basi. Malangizo a bungwe loona za kupewa matenda la CDC la ku America a 2003 amati madzi opita m'kamwa mwa wodwala asakhale ndi mabakiteriya oposa 500 pa mililita imodzi. Mu 2016 ana ambiri ku Anaheim, ku California, anadwala kwambiri ndi kachilombo ka Mycobacterium abscessus kochokera m'madzi a chipatala cha mano, ena mpaka kuchitidwa opaleshoni ya nsagwada. Ndimakumbukira ana amenewo nthawi zonse mayi akandipatsa mwana wake kuti ndimukhazike pampando.

Lachiwiri linali la kuchipinda cha kumbuyo. Zitsulo timayamba kuzitsuka ndi burashi ndi sopo, chifukwa magazi akaumirapo nthunzi sifika pachitsulo. Kenaka kuziumitsa, kuzikulunga m'timapaketi, n'kuziika mu autoclave, makina ophera majeremusi ndi nthunzi, pa madigiri 134. Ndinaikamonso kabotolo koyesera, komwe m'kati mwake muli tizilombo tovuta kufa totchedwa Geobacillus stearothermophilus. Tepi ya pa paketi ikasintha mtundu, yangokuuzani kuti paketiyo inatenthedwa. Kabotoloko ndi komwe kamanena ngati zonse zafadi.

Lachitatu m'mipopi munauma. Tinagwiritsa ntchito a m'thanki, koma Lachinayi m'mawa madzi atabwerera anali ofiira, ali ndi timchenga. Ndinawatunga m'galasi n'kukawaonetsa adokotala. Sitinakambirane nthawi yaitali. Mipando yathu ili ndi mabotolo akeake omwe tingathiremo madzi a distilled (madzi oyera opangidwa kuchokera ku nthunzi) m'malo mwa a pampopi, koma otsalawo anali ongokwanira autoclave, ndipo odzatibweretsera ena ananena kuti afika mawa lake. Tinagwirizana kuti onse obwera kudzamata kapena kudzatsuka mano abwerere.

Kubweza munthu yemwe walipira minibasi kuchokera ku Bangwe kapena ku Chirimba n'kowawa. Mayi wina yemwe anachita kupempha tchuthi kuntchito anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achemwali, madzi ofiirawo kwathu tikumwa omwewo. Nanga kungotsukira mano?"

Ndinati, "Amayi, potsuka mano nkhama zimatuluka magazi. Madziwo alowa pabala, ena muwapuma ngati nkhungu kuchokera ku makinawa. Kunyumbakonso muziwawiritsa kapena kuthira klorini."

Anapita ali okhumudwabe, ndipo sindikuwaimba mlandu. Koma ife a mumzinda uno tinaona kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, tinaonanso mmene namondwe wa Freddy anaonongera mapaipi mu Marichi 2023. Madzi okayikitsa sindingawathire m'kamwa mwa munthu amene wandikhulupirira, ngakhale atakwiya bwanji.

Agogo ena aamuna a ku Ndirande, omwe anafika atagwira tsaya, tinawathandiza. Kuzula dzino sikulira madzi a mumpando. Pabala timatsuka ndi saline, madzi a mchere a kuchipatala a m'botolo lomata, m'manja tinasamba ndi madzi owiritsa a m'ndowa ya mpopi, kenaka sanitaiza ndi magolovesi. Akutuluka anati, "Mwana wanga, lero ndikagona."

Masana omwewo magetsi anazima autoclave ili pakati pa ntchito. Mnyamata yemwe akuphunzira ntchito kwathu anafunsa ngati tingangopitiriza pomwe inalekezera jenereta ikayaka, poti panja pali mzere. Ndinamuuza kuti kutentha kukatsika, zonse zimayambiranso: mapaketi atsopano, nthawi yonse yathunthu. Kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa, ndipo chitsulo chomwe chili nako chimanyezimira chimodzimodzi ndi chinzake. Wodwala sangasiyanitse. Amangodalira kuti wina kuchipinda cha kumbuyoko sanachite ulesi. Mnyamatayo anakulunganso zonse osadandaula, ndipo zinandisangalatsa kwambiri.

Lachisanu madzi a distilled anafika. Kabotolo koyesera kaja kanali kadakali ka pepo, sikanasanduke chikasu, kusonyeza kuti autoclave yathu ikupha bwino. Ndinalemba zotsatirazo m'kaundula, n'kuimbira foni onse omwe tinawabweza kuti tiwapatse masiku ena. Tisanatseke tinathira mankhwala m'mapaipi a mipando yonse kuti agone mmenemo, ndipo thanki tidzalitsuka Loweruka masana odwala akatha.